Dzina amalemba, koma kalata ikuwakanika

Tsiku la msika pa Lizulu, m'malire a maboma a Ntcheu ndi Dedza, malonda amayamba dzuwa lisanatuluke. Matumba a mbatatesi, madengu a tomato ndi milu ya kabichi zimakwezedwa m'malole opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ogula ena sabwera n'komwe. Amangotumiza uthenga pafoni kuti muwasungire madengu angati ndipo ndalama alipira liti.

Pamsika wotere, kaya ndi pa Lizulu pomwepo, pa Jenda, pa Mponela kapena pa Thondwe, simungalephere kupeza mayi amene foni ikalira amaitulutsa, n'kuiyang'anitsitsa kwa kanthawi milomo ikugwedera. Manambala akuwaona. Dzina lawo akulizindikira. Koma mawu enawo amawatola limodzilimodzi, ndipo pofika kumapeto kwa uthengawo, za kumayambiriro zawathawa. Mapeto ake amakodola mwana kapena mnzawo wa benchi loyandikana nalo kuti awawerengere, ati lero maso avuta.

Mayi wotereyu sitinganene kuti sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Adapitako kusukulu ya kwacha, kapena adalekezera Sitandade 3 ali mtsikana. Kubanki mkhonde amasaina ndi cholembera. Koma chinsinsi cha malonda awo chimadutsa m'maso mwa munthu wina tsiku ndi tsiku, ndipo wowerengayo akafuna kupotoza nkhani, palibe chomuletsa.

Kalembera wa mu 2018, yemwe adapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, adaonetsa kuti anthu pafupifupi 69 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kwa amuna chiwerengerocho chidali 72 mwa 100, pomwe kwa akazi chidali 66. Komatu kalembera sapereka mayeso. Amafunsa pakhomo, woyankha n'kuvomera kapena kukana. Mayi wa pamsika uja adavomera, ndipo sadaname.

Pakati pa munthu wosadziwa ngakhale lembo limodzi ndi munthu wotha kulemba kalata yomveka pali mtunda wautali. Ambiri ulendo wawo umathera pamtunda umenewu. Awa ndi ophunzira a pakatikati, ndipo funso lomwe mabanja ambiri salifunsa ndi lakuti: munthu amene wadutsa a, e, i, o, u ayenera kumatha chiyani kuti tinene kuti sukulu yamupindulira?

Chala cha inki

Sukulu za kwacha zidayamba kale, koma ndondomeko yomwe ambiri akuidziwa idakhazikitsidwa ndi boma mu 1986. Maphunziro ake adawakonza kuti azitenga miyezi 10, ndipo buku lodziwika kwambiri, la Chuma ndi Moyo, lidaphatikiza malembo ndi nkhani za ulimi, umoyo ndi za pabanja. Alangizi ake amakhala anthu a m'dera momwemo, ophunzitsidwa kwa nthawi yochepa, olandira kangachepe ka sopo. Kalasi imakumana masana m'tchalitchi, pansi pa mtengo kapena m'chipinda cha sukulu ana akaweruka. Ophunzira ambiri ndi amayi.

Chomwe chimakokera ambiri kumeneko ndi manyazi a chala cha inki. Kudinda chala pagulu, anzako akusaina, kumawawa. Tsono munthu akangotha kulemba dzina lake, mtima umakhala pansi. Mvula ikagwa, kumunda kukaitana, kalasi ya anthu 25 imatsala ndi ochepa. Dzina lija amapitiriza kulilemba bwinobwino, koma ena amalijambula ngati chithunzi: mukawafunsa kuti aloze lembo lachitatu m'dzinalo, amakakamira.

Gulu lina la ophunzira a pakatikati lidachokera kupulaimale. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi, chiwerengero cha ana a sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mphunzitsi mmodzi ankaima kutsogolo kwa ana oposa 100, ena pansi pa mtengo, mabuku osakwana. Ambiri mwa ana aja lero ndi makolo, ndipo si onse adatulukamo akuwerenga. Kafukufuku yemwe adachitika mu 2010 ndi thandizo la bungwe la USAID adapeza kuti ana oposa 7 mwa 10 a Sitandade 2, komanso 4 mwa 10 a Sitandade 4, sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani ka Chichewa. Zotsatira zonga zimenezi n'zomwe zidachititsa kuti mu 2016 boma liyambitse ndondomeko ya National Reading Programme m'sukulu zake zapulaimale.

Choncho zomwe zikukambidwa pano zikukhudza mayi wa sukulu ya kwacha, bambo wa kabaza amene adathawa Sitandade 4, komanso mwana wanu amene akukhoza makalasi koma nyuzipepala ino sangaiwerenge.

Mawu aatali, mpweya waufupi

Chichewa n'chokoma kwa woyamba kumene chifukwa chimawerengedwa monga momwe chalembedwera. Amene adaphunzira ndi buku la Sosa akukumbukira: ukadziwa ba, be, bi, bo, bu ndi anzake, mawu monga moto, duwa ndi galu sakuvuta. Chingerezi sichitero. Koma kuphweka kumeneku kumanamiza, chifukwa Chichewa cha anthu akuluakulu sichikhala cha galu ndi duwa.

Choyamba, pali maphatikizo olemera. M'mawu akuti nkhwani, malembo anayi opanda liwu amatsogola lembo la liwu lisanafike. N'chimodzimodzi nkhwangwa, mphwanga ndi ntchentche. Wophunzira wa pakatikati ayenera kuona nkhwa ngati chinthu chimodzi, osati kuyamba kutchula n payekha, k payekha. Amene adalekezera pa maphatikizo a malembo awiri amaima apa ngati njinga yaphulika tayala.

Chachiwiri ndi kutalika kwa mawu. Ife timalumikiza zinthu zambiri m'liwu limodzi. Tengani liwu lakuti sindidzakubwezeraninso. Muli maphatikizo 9. Wowerenga pang'onopang'ono, chala chili papepala, akamafika pa nso amakhala ataiwala si wa kumayambiriro uja. Munthu wakukanirani ngongole, inu n'kumva ngati walonjeza kubweza. Mutu wa munthu susunga tizidutswa tambiri nthawi yaitali. Ukachedwa kutilumikiza, timatayika. N'chifukwa chake liwiro powerenga si nkhani yodzionetsera. Popanda liwiro, tanthauzo silifika.

Tiziphatikizo tosintha nkhani timakhala tating'ono kwambiri. Mumwe ndi musamwe zimangosiyana ndi sa wobisala pakati. Ganizirani malangizo a mankhwala a mwana, kapena a mankhwala opopera tomato onena za masiku oyenera kudikira musanathyole. Wowerenga mongolota, amene amaona chiyambi cha liwu n'kumalizitsa yekha m'mutu, sa ameneyo amamudumpha.

Tsono chomwe tiyenera kuyembekezera kwa wophunzira wa gawo limeneli ndi ichi: awerenge ndime ya ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi osakakamira pafupipafupi, aime pa mpumiro, apumeko pang'ono pa mpatuliro, kenako atseke bukulo n'kufotokoza m'mawu ake zomwe wawerenga. Mbali yomalizayi ndiyo yaikulu. Alipo ana, ngakhale akuluakulu, otchula mawu onse molondola ngati wailesi, koma mukawafunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani amangoti kukamwa yasa.

Kumvetsa kumafunikanso chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo wa mango ungakhale womera pakhomo kapena ndalama zogulira mangowo. Khungu lingakhale la pathupi kapena la maso. Polankhula khutu limasiyanitsa. Papepala wowerenga amadalira mawu oyandikana nawo. Amene akulimbana ndi phatikizo limodzilimodzi alibe mpata woyang'ana oyandikana nawowo.

Pali zina zing'onozing'ono zomwe alangizi otanganidwa amaziiwala. Lembo la a ndi la g osindikizidwa m'nyuzipepala amaoneka mosiyana ndi omwe mlangizi amalemba pabolodi. Zikwangwani zambiri zimalembedwa ndi malembo aakulu okhaokha. Zolemba pamanja za mlembi wa mfumu ndi nkhani inanso. Ndiye pali zolembedwa m'mabokosi, monga lipoti la mwana la kusukulu, khadi la kusikelo ndi mndandanda wa mitengo ya mbewu pasitolo, zomwe zimafuna kuti diso liyende chopingasa komanso chotsika. Wophunzira wa pakatikati ayenera kuzolowera zonsezi, ndiponso ayambe kuwerenga chamumtima. Uthenga wa ngongole suwerengedwa mokweza pamsika.

Mpasa kapena mphasa?

Pa masipelo ndi pomwe pamagona nkhani. Ambiri amaganiza kuti masipelo ndi vuto la Chingerezi lokha. Koma tengani makope a ophunzira, kapena mauthenga a pafoni a anthu oti adafika ndi kusekondale komwe, muona kuti Chichewa chili ndi misampha yake.

Msampha woyamba ndi lembo la h. Kola ndi khola si chinthu chimodzi. Pala ndi phala, kama ndi khama, panga ndi phanga, zonsezi zimasiyana ndi kampweya kotuluka m'kamwa. Wotuma m'bale wake wa ku Nkhotakota kuti amugulire mpasa wa mumtsinje wa Bua, akaonjezera h, asadabwe kulandira chogonera m'malo mwa ndiwo. Alangizi ena amaphunzitsa zimenezi mosavuta: ikani chikhato kapena kapepala pafupi ndi milomo, nenani pala, kenako phala. Pomwe kapepala kagwedezeka, pamenepo pali h.

Wachiwiri ndi m ndi n za kumayambiriro kwa mawu. Mkaka ndi wa ng'ombe, nkhaka ndi za kudimba. M'madera ambiri anthu polankhula amameza malembo amenewa, n'kumati sima, somba, fumu. Polemba amalembanso momwemo. Wophunzira wa pakatikati ayenera kudziwa kuti papepala timalemba nsima, nsomba ndi mfumu, ngakhale pakhomo pake satchula choncho. Izi zimavuta kwambiri kwa amene Chichewa si chiyankhulo cha kwawo. Mayi wa ku Mangochi woyankhula Chiyao, wa ku Nsanje woyankhula Chisena kapena wa ku Mzimba woyankhula Chitumbuka amakhala akusenza mitolo iwiri: kuphunzira malembo ndi kuphunzira kamvekedwe ka chiyankhulo china.

Wachitatu ndi kachizindikiro kaja kooneka ngati kadontho kopachikidwa m'mwamba, komwe kusukulu amati nkhodolero. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire. M'bale ndi munthu, mbale ndi yodyera. Chitsanzo chomwe chimapweteketsa anthu ndi cha m'mawa ndi mawa. Wogula akalemba kuti abwera m'mawa, inu n'kuwerenga kuti mawa, kapena iye akasiya m' uja chifukwa cha changu, madengu a tomato agona pamsika usiku wonse. Pafoni zambiri nkhodolero imabisala, moti ngakhale odziwa amangoisiya. Wophunzira wa pakatikati akamazolowera kulemba pafoni asanaidziwe bwino papepala, amakula nacho chizolowezicho.

Nanga l ndi r? Lamulo lake lilipo. Pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, monga mbale, khola ndi mvula. Pambuyo pa e ndi i timalemba r, monga mchere, mbiri ndi kulira. Koma lembolo likakhala poyambira tsinde la liwu limakhalabe l, n'chifukwa chake timalemba milomo, chilimwe ndi ndili. Maina a malo nawo ali ndi njira zawo: likulu lathu ndi Lilongwe, pomwe msika wa pamsewu wa M1 kumpoto kwa Blantyre ndi Lirangwe. Kunena zoona, m'Chichewa palibe amene adalandira katundu wolakwika chifukwa chosinthanitsa l ndi r. Tanthauzo silisintha. Komabe lamuloli limadya nthawi yambiri m'kalasi kuposa h ndi nkhodolero, mwina chifukwa n'losavuta kulichonga ndi inki yofiira.

Kudula mawu ndi msampha wina. Woyamba kumene amalemba chiganizo chonse ngati chingwe chimodzi, kapena amadula paliponse pomwe wapumira: ndi ku funa m'malo mwa ndikufuna. Wa pakatikati ayenera kudziwa kuti mneni ndi tizidutswa take tonse ndi liwu limodzi, kuti timalemba kumsika ndi pakhomo molumikiza, koma ku Dedza ndi pa Lunzu mopatula chifukwa ndi maina a malo, oyamba ndi lembo lalikulu. Pamenepa ngakhale olemba nyuzipepala timapunthwa, ndipo owerenga atcheru amatigwira.

Pomaliza pali nkhani ya kalembedwe kakale. Agogo ambiri adaphunzira kuwerenga ndi Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka koyamba mu 1922. M'mabaibulo akale amenewo mumapezeka cifukwa, mau ndi nchito, pomwe lero timalemba chifukwa, mawu ndi ntchito. Bvuto lidasanduka vuto. Chichewa chitakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuyambira mu 1996 ntchito yosamala chiyankhulo idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Abale athu a ku Chipata ndi Katete m'dziko la Zambia mpaka pano amalemba c pomwe ife timalemba ch. Ndiye gogo akalemba cimanga, mdzukulu asathamangire kuseka. Gogoyo sadalakwe, adaphunzira nthawi ina. Chofunika n'chakuti wophunzira azitha kuwerenga kalembedwe konse kuwiri, koma polemba atsate ka lero.

Apa mlangizi, kapena mwana amene akuthandiza kholo lake, afunika nzeru. Zolakwika zili mitundu iwiri: zosintha tanthauzo ndi zongonyansa m'maso. Munthu wamkulu amene wasiya malonda ake n'kukhala pabenchi la ana, mukamudzazira tsamba lonse ndi zochonga zofiira, mawa sabweranso. Yambani ndi h, ndi nkhodolero, ndi m ndi n. Za l ndi r zidzabwera.

Kope la ngongole

Kulemba kuli ndi makwerero atatu. Loyamba ndi kukopera zomwe zili pabolodi. Lachiwiri ndi lembetso, pomwe wina akutchula mawu iwe n'kumalemba osaona. Lachitatu ndi kulemba zochokera m'mutu mwako. Makalasi ambiri amathera pakhwerero loyamba, chifukwa kukopera kumakhalitsa kalasi chete ndipo makope amaoneka okongola. Mukatsegula kope la wophunzira n'kupeza zolemba zowongoka bwino, musafulumire kukondwa. Mupatseni pepala loyera, muuzeni alembe zomwe wagula dzulo. Pamenepo ndi pomwe mudziwe.

Wophunzira wa pakatikati ayenera kulemba popanda kuonera dzina lake lonse, mudzi wake, mfumu yaikulu, boma ndi nambala ya foni, chifukwa fomu iliyonse imafunsa zimenezi. Ayenera kulemba mndandanda wa zogula. Ayeneranso kulemba kalata yaifupi yokhala ndi keyala, tsiku, malonje, nkhani yake ndi kutsanzika. Ena anganene kuti makalata adatha ndi kubwera kwa foni. Koma mwana akadwala, aphunzitsi amafuna kakalata. Kupempha malo pamsika, kudandaula kwa mfumu, kupepesa kumpingo kapena kugulu, zonsezi zimafunabe pepala. Ndipo uthenga wa pafoni nawo ndi kalata, yongofupikitsidwa.

Vuto lalikulu la kalata za ophunzira a gawo limeneli si masipelo. Ndi malonje otalika theka la tsamba, nkhani yeniyeni n'kubwera mothamanga kumapeto, yopanda mpumiro ngakhale umodzi. Wolandira amadziwa kuti onse kumudzi ali bwino kupatula chifuwa cha agogo, koma samva kuti ndalama zikufunika zingati ndipo pofika liti. Luso lofunika apa ndi kudziika m'malo mwa wowerenga amene sali pafupi kuti akufunse kuti umatanthauza chiyani.

Luso lomweli ndi lomwe limasowa m'kope la ngongole. Pafupifupi wamalonda aliyense ali nalo kope lotere, lopindika m'makona, lonunkhira nsomba kapena anyezi. Mukalitsegula mupeza mizere yonga iyi: a kuchigayo 5. Tsiku lolembalo mwini wake amadziwa bwino zomwe akunena. Pakatha mwezi, 5 uja ndi chiyani? Ndi K5 000, ndi ndowa zisanu, kapena ndi tsiku la 5 lomwe adalonjeza kubweza? Nanga a kuchigayo ndi ati, poti kumeneko kumagwira anthu atatu? Chibale chambiri chatha chifukwa cha mizere yotere. Mzere wa ngongole uyenera kuyankha mafunso anayi: ndani, watenga chiyani, cha ndalama zingati, liti.

Manambala nawo ali ndi msampha wake, womwe ndi ziro. K5 000 ndi K50 000 zimasiyana ndi kabowo kamodzi. Anthu ambiri a pamsika amawerengera ndalama m'mutu mwachangu kuposa ana a sekondale, koma kuzilemba kumawasokoneza, maka zikadutsa masauzande. N'chifukwa chake pachikalata chilichonse chachikulu ndi bwino ndalama kuzilemba kawiri, m'manambala komanso m'mawu.

Zikalata zotere zikuchuluka. Malo m'matauni ang'onoang'ono akugulitsidwa, madimba akubwerekedwa, njinga zamoto zikugulidwa pang'onopang'ono. Pamgwirizano uliwonse pamalembedwa pepala, ndipo nthawi zambiri amalemba ndi mbali yomwe ili ndi sukulu. Winayo amangosaina, monyadira kuti sadinda chala. Apa ndiye poopsa. Wodinda chala aliyense amadziwa kuti ayenera kumuwerengera, ndipo mboni zimachita tcheru. Wosaina amaoneka ngati wawerenga. Mlandu ukafika pabwalo, dzina lake lili pomwepo, lolembedwa ndi dzanja lake, pansi pa mawu akuti dimba labwerekedwa zaka zitatu pomwe iye ankadziwa chaka chimodzi.

Kubanki mkhonde nakonso n'chimodzimodzi. Masheya amadindidwa m'timabuku kuti aliyense athe kuwerenga zidindo zake, koma ngongole ndi chiwongoladzanja zimalembedwa m'kaundula. Mlembi amakhala yemweyo chaka ndi chaka chifukwa ena onse amaopa cholembera. Alembi ambiri ndi okhulupirika. Koma tsiku logawana ndalama, mkangano ukabuka, ndi angati m'gulumo angathe kutenga kaundulayo n'kulondola mzere wawo kuyambira Januwale?

Chowerenga chili kuti?

Luso la kuwerenga lili ngati khasu: likangokhala limachita dzimbiri. Munthu amene wamaliza miyezi 10 ya sukulu ya kwacha n'kukhala chaka osawerenga kanthu amabwerera pafupi ndi pomwe adayambira. Kale nyuzipepala ya Boma Lathu ndi magazini ya Za Achikumbi zinkafika m'midzi, ndipo munthu ankapeza poyesera maso. Nthambi za National Library Service zili m'mizinda ndi m'maboma ena, koma mabuku ambiri m'menemo ndi a Chingerezi, ndipo mayi wa pamsika salowamo poganiza kuti ndi malo a ana a sukulu.

Chokhumudwitsa china n'chakuti munthu amaphunzira m'Chichewa, koma mapepala ofunika amamupeza m'Chingerezi: mafomu a kubanki, zolemba za m'kabuku ka kuchipatala, mauthenga ambiri otsimikizira kuti ndalama zalowa pafoni. Ena amafooka poona ngati adataya nthawi. Sadataye. Wowerenga bwino Chichewa savutika kugwira mawu ochepa a Chingerezi omwe amabwerezedwabwerezedwa m'mapepala amenewo, pomwe amene Chichewa chikumukanika alibe poyambira.

M'nyumba zambiri chowerenga chomwe chilipo ndi Baibulo ndi buku la nyimbo. N'zothandiza, koma pali kampeni kumphasa. Nyimbo yomwe munthu adailoweza ali mwana saiwerenga. Maso amangoyenda papepala pomwe pakamwa pakuimba za m'mutu. Ndime yoyesera iyenera kukhala yachilendo. Mabuku a Chichewa a ana a Sitandade 3 ndi 4 ndi abwino pa ntchito imeneyi, ndipo tsamba la nyuzipepala ngati lino, lisanakulungidwe usipa, lingathe kugwira ntchito sabata yonse.

Mawu aja akuti maso avuta tisamawatenge ngati bodza nthawi zonse. Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kulephera kuona zinthu zapafupi, ndipo malembo ang'onoang'ono amasanduka nyerere. Ena amasiya kalasi poganiza kuti mutu wawo ndi wouma pomwe chofunika ndi magalasi owerengera. Ngati kholo lanu likutalikitsa pepala kapena foni powerenga, yambani mwapita nalo kukapimitsa maso.

Abambo nawo alimo m'gulu la pakatikatili, kungoti amabisala bwino. Kalasi yodzaza amayi saifuna, ndipo kufunsa mwana wawo amaona ngati kutsika. Bambo wotere amatenga pepala, n'kuliyang'ana mwaulemu wake, n'kulipinda, ati aliona bwino kunyumba. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kwa abambo otere, khomo lolowera nthawi zambiri limakhala la ntchito yawo: telala amafuna kulemba miyezo ndi maina a makasitomala, kalipentala amafuna kulemba mtengo wa mipando, wa kabaza amafuna kusunga maina pafoni m'malo moloweza manambala.

Pakhomo pomwe pali mwana wa Sitandade 6 kapena 7, mphunzitsi alipo kale, bola akhale waulemu. Mphindi 15 madzulo, nsima isanapse, zikukwana. Lolemba kholo liwerenge ndime imodzi yachilendo n'kufotokoza zomwe lamva. Lachitatu mwana atchule mawu 10 okhala ndi h, ng' ndi m', kholo lilembe. Tsiku la msika, malonda akatha, kholo lilembe lokha mizere ya m'kope la ngongole, uliwonse ndi mayankho ake anayi aja, kenako lipereke kopelo kwa mwana kuti awerenge mokweza popanda kumuthandiza. Pomwe mwanayo waima n'kufunsa kuti apa amayi mumati chiyani, mzere umenewo ulembedwenso nthawi yomweyo, wangongoleyo asanaiwalike nkhope.